Khomo la Bafa

Lolemba, 7 Okutobala

Ndabwerako ku Chipata. Mwana wanga Lukundo wachira bwino, khanda likuyamwa, ndipo lero ndimayenera kulemba za iwo. Koma mtima uli kwina.

Nditangotsika basi ndinapita ku Mphamba kukaona nyumba yathu. Pochoka ndinaisiya ili pa maziko, tsopano makoma afika pamwamba, kwatsala denga. Mwamuna wanga Mathew ananditsogolera ngati akuonetsa mlendo: apa pabalaza, apa khitchini, ichi chipinda chathu, icho cha adada. Ndinayamikira. Kenako ndinafunsa khomo la kubafa. Anandiimika pakhomo la chipinda cha bambo ake, n'kuloza pakona mkatimo.

Khomo la bafa ndi chimbudzi lili m'chipinda cha apongozi anga. Limodzi lomwelo, nyumba yonse.

Ndinazungulira kufunafuna lina ngati nkhuku yosowa poikira. Palibe.

Bornwell, msuweni wa Mathew amene akutimangira, anali pamwamba pa khoma akuseka. "Mulamu, iyi ni selofu kontendi, bafa m'chipinda momwemo, monga za ku Lusaka. Mudala sazavutika kuyenda!"

Ndinangoti zikomo. Uphunzitsi unandiphunzitsa kumeza mawu mpaka belu lilire.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndilembe bwinobwino, mwina ndikaziona papepala mtima utsika.

Kwathu ku Kasungu mkamwini ndiye amapatukira apongozi aakazi panjira. Kuno kwa Atumbuka ine ndine mkamwana. Adada a Mtonga sindinadyepo pamaso pawo, dzina lawo sindinalitchulepo, m'chipinda chawo sindinapondemo. Tikamalankhula ndimagwada chapatali, nkhope kumbali, mawu n'kumadutsira mwa munthu wina. Si chidani ayi. Mkulu ameneyu ndimamukonda. Chaka chimene ndinadwala chifuwa ankanditumizira uchi osanena kuti wachokera kwa iwo. Ulemu wathu umayenda choncho.

Tsono ine, chitenje pachifuwa, sopo m'manja, ndizigogoda kwa iwo m'mawa uliwonse? Odi adada, ndidutse nawo?

Ndipo nyumbayi tikumangira iwo. Chidwalire sitiroko amakoka mwendo. Kanyumba kawo kumudzi kamadontha, ndipo dzinja lathali anaterereka pakhomo n'kugona m'matope mpaka wodutsa anawaona. Tinagwirizana kuti mvula ya chaka chino iwapeze ali ndi ife.

Chikundiwawa kwambiri ndi Taizya. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa masamu, tsopano ndi akitekiti, amajambula mapulani a nyumba ku Chipata. Mu Juni ndinamuitana. Sanayambe ndi kuyeza, anayamba ndi mafunso. Mugona angati? Amadzuka woyamba ndani? Mvula imawomba kuchokera kuti? Ndani sayenera kukumana ndi ndani m'kolido? Pa funso lomalizali M. anaseka mpaka kutsokomola. Mwana atapita anati, "Mafunso samanga nyumba. Bornwell wamanga theka la boma, pulani ili m'mutu. Tikamupatsa pepala la mwana tamunyoza, ngakhale pamaliro athu sadzabwera." Ndinatsutsa mpaka mawu kusasa. Anandiposa chifukwa cha ubale.

Lachinayi, 10 Okutobala

Lero ndamufunsa M. modekha, monga ndimafunsira mwana amene walakwitsa samu: unayamba bwanji?

Akuti anauza B. kuti bafa likhale pafupi ndi adada. Basi. Pafupi.

M. akuti ankatanthauza khomo loyandikana m'kolido. B. anamva mkati. Onse awiri akulumbira kuti anamvana. Ndinayesa kumufotokozera kuti ntchito ya pulani ndi imeneyo. Papepala "pafupi" amakhala mzere, ndipo munthu umaloza ndi chala n'kunena kuti apa ayi, njerwa isanakhale ngakhale imodzi. Kufufuta pensulo sikutulutsa fumbi. Nanga m'mutu mwa B. ndikanaloza bwanji?

Ndinamufunsanso kuti iye ankapita tsiku lililonse, sanaone? Akuti anaona khomo koma ankaganiza kuti lina likubwera. Likubwera kuchokera kuti, pa basi?

Kenako anati, "Tiika katani."

Katani! Ndinatuluka kukathirira tomato amene ndinali nditathirira kale.

Loweruka, 12 Okutobala

B. akuti andimangira bafa la udzu kuseri, "monga azimai onse." Njerwa za nyumba imeneyo ndinaumba nawo ine, madzi ake ndinasenza ine.

Lamulungu, 13 Okutobala

Titaweruka ku tchalitchi M. anakatenga adada kuti aone nyumba. Ndinamuchenjeza kuti adikire kaye, koma iye anati mkulu akaona bafa m'chipinda asangalala, nkhani itha.

Ine ndinatsala panja, pansi pa windo. Ndinkamva ndodo ikugunda simenti, mwendo ukukhwekhwereza. Anayamikira pabalaza. Anayamikira khitchini. Atalowa m'chipinda chawo ndodo inaleka kumveka.

Patapita kanthawi anafunsa m'Chitumbuka, amanditchula ndi mfunda wanga: "Kasi Nyabanda wazamugeza nkhu?"

Nyabanda azikasamba kuti. Funso limene amuna awiri athanzi sanadzifunse chiyambire maziko, mkulu wodwala walifunsa atangolowa.

M. anayamba za katani. Adada anamudula. "Ine muno yayi. Niwelerenge kukaya." Anati awabwezere kumudzi, sangagone m'nyumba imene mkamwana wawo azichita kuzemba ngati wakuba, kapena kusamba panja mvula ikumukwapula iwo ali phee pabedi. Bola adonthedwe kwawo.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapempha kuti awakweze panjinga yamoto, ndipo podutsa pamene ndinagwada anayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, n'kuuza mphepo kuti, "Yewo, mama."

Ndalira, koma ndi ukali. Kum'mawa mitambo yayamba kuunjikana masana.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndamuimbira Taizya. Sindinapemphe chilolezo, ndangomuuza M. nditatha. Abwera Lachisanu, pa holide.

Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Madamu, mapaipi akwirira kale?" Ndinati ayi. Anati ndiye asakwirire.

Lachitatu, 16 Okutobala

Nkhani yamufika B. Anabwera kunyumba ya lendi kuno ku boma, osakhala pansi. Akuti mwana wa dzulo akaponda pamalopo iye anyamula zida zake. "Nayamba kumanga uyo akalibe kubadwa!" Zoona. Ndinamuuza kuti palibe akutsutsa dzanja lake. Makoma ake ndi owongoka, ngodya zake mungaikepo sikweya. Koma kuwongola khoma ndi ntchito ina, kudziwa pamene khomalo liime ndi ntchito inanso. Telala wodziwa kusoka amayezabe munthu asanadule nsalu.

Sanamve. Akuti ngati ndikufuna khomo, aboola makoma mpaka kukhitchini mawa lomwe. Chimbudzi chiyang'anizane ndi mapoto anga.

M. nthawi yonseyi ankakanda mkono wa mpando. Atapita B. anati, "Eneless, ukundiika pakati." Ndinati pakati unadziika wekha mu Juni. Ndinamufunsa kuti akuopa chiyani kwambiri, nkhope ya msuweni wake kapena bambo ake m'matope. Wadya pang'ono.

Ndikudziwa kuti ndinalasa pachilonda. Sindibweza.

Lachisanu, 18 Okutobala

Taizya wabwera, nsapato zafumbi, tepi m'thumba. Anayamba kupereka moni kwa B. mwaulemu wonse, amalume uku, amalume uko. Anayendetsa dzanja pakhoma n'kunena kuti ku Chipata amisiri otere akusowa. B. anangoti "hm," koma sanachoke.

Anayenda nyumba yonse mwakachetechete. Kenako anatiitanira ku kachipinda kosungiramo ufa, kamene kali pakati pa bafa ndi khitchini, khomo lake lili m'kolido. Anafotokoza chonchi, ndipo ndikulemba kuti ndisaiwale. Bafa limene lilipo likhale la adada okha, monga B. anamangira. Kachipinda ka ufa kasanduke bafa lathu. Khoma ndi limodzi, choncho mapaipi adutsa pamodzi, dzenje lakunja ndi lomwelo. Koma kachipindako n'kopapatiza, munthu sangatembenukemo. Khoma lake la mbali ya khitchini liyenera kugwa, limangidwenso chauko pang'ono. Silinyamula denga, anaonetsetsa. Ufa upita m'kabati kukhonde lakuseri.

Anaonanso zimene ine sindinaone. Pakhomo la bafa la adada pali chitunda cha simenti chimene mwendo wokoka ungakodwepo, ndipo khomolo n'lochepa, munthu wowagwiriza sangalowe nawo. Tikanawachotsa m'matope n'kudzawagwetsera pa simenti.

Kenako anafunsa, "Nanga eni chipinda anati chiyani?" Tinayang'anana. Palibe anawafunsapo adada chimene akufuna. M. anamutengera kumudzi. Pobwera Taizya anati mkulu anaganiza nthawi yaitali, n'kupempha chinthu chimodzi: khomo lotulukira kukhonde, kuti anzawo obwera kudzacheza asamadutse pabalaza pa mkamwana, fodya wawo ndi nkhani zawo. Windo lawo likhala khomo. Za kusamuka sananene kanthu.

B. anamvetsera zonse manja ali m'chiuno. Atamva za kugwetsa anati, "Khoma langa siligwa." Anatola chopakira matope, levulo ndi chingwe, n'kumangirira panjinga. Taizya anamutsatira mpaka kumsewu, osaphula kanthu.

M. anandiyang'ana. "Wakondwa? Amanga ndani tsopano?"

Ndinati wogwetsa ayambe wapezeka, womanga tidzamuona.



Loweruka, 19 Okutobala

Kwawaza mvula pang'ono, yongonunkhitsa dothi. Mlongo wake wa M. waimba, akuti adada ayala pulasitiki pamwamba pa bulangeti. Ndinapereka foni kwa M. kuti amve yekha.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndinadzuka M. palibe. Nditaweruka kusukulu ndinakwera njinga yamoto mpaka ku Mphamba. Ndisanafike ndinamva kugunda.

Anali M., malaya a kuofesi ali mbuu, hamala yobwereka m'manja. Ankamenya khoma pakati penipeni, njerwa zikuphwanyika, zina zikugwera kumapazi ake. Munthu amene sakhoma ngakhale msomali wa kalendala. Zikhatho zatuluka matuza. Sanandiyang'ane, inenso sindinamuletse.

B. anali ataima pamsewu ndi njinga yake, akuti amangodutsa. Kudutsa kupita kuti, njira imathera pathu? Anapirira kanthawi, nkhope ikuchita tsinya pa kugunda kulikonse. Kenako anagwetsa njinga.

"Iwe! Upwanya njelwa zabwino! Khoma ayambila pamwamba, chitsilu. Bweletsa kuno."

Analanda hamala, n'kukwera, n'kuyamba kuchotsa imodziimodzi, akutukwana M. ndi mtundu wake wonse, umene ndi wakenso. Kwa ine sanalankhule. Ndimusiye, ndikadali naye mawu ambiri, ndipo M. asaganize kuti matuza afafaniza katani.

Khoma litafika m'chiuno tinamva ng'ombe. Ngolo ya kumudzi, woyendetsa ndi a Saimoni oyandikana ndi adada. Pamwamba pake bedi lachitsulo, matiresi omangidwa ndi luzi, ndi sutikesi yakale ya adada. Adada sanabwere. A Saimoni anati mkulu anaona mwana wake akubwereka hamala kumudzi m'mawa, ndipo wangoti katunduyu mukamuike pouma.

Tonse tinayang'ana kumwamba. Denga palibe. Pouma paliponse palibe, kupatula pansi pa malata awiri amene B. anatsamiritsa pakona ya chipinda chawo kubisira simenti.

Bedi la apongozi ine sindigwira. Ndinaima m'kolido, amuna awiriwo atalinyamula, wina kumutu wina kumiyendo, likukana kukhota pakhomo. B. ankakankha, M. ankakoka, chitsulo chikukwecha pulasitala.

Ndinati, "Imani. Mathew, bwerera m'mbuyo. Alamu, kwezani mbali yanu, mulipendeketse."

Anaima. M. anabwerera. B. anakweza mbali yake.