Amuna anga ananamiza dokotala wa mtima

Aphungu,

Amuna anga ndi dalaivala wa lole, bambo wa zaka za m'ma 40. Chaka chino ayamba kuchita befu akangoyenda pang'ono, miyendo n'kumatupa mpaka nsapato osalowa. Kuchipatala atiuza kuti valavu ya mtima wawo, kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, yawonongeka. Pakufunika opaleshoni.

Dokotala anatiuza za mavalavu awiri. Yachitsulo imakhalitsa, koma munthu amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana tsiku lililonse mpaka imfa, n'kumakayezetsa magazi pafupipafupi. Inayo, yopangidwa ndi mnofu wa nyama, ilibe chintchito chonsecho, koma pakapita zaka imatha ndipo amadzakung'ambanso pachifuwa.

Iwo sanaganize kawiri. "Ikani chitsulo, adokotala, ine ndi zitsulo timamvana." Atafunsidwa za mowa ndi kamwedwe ka mankhwala, anayankha maso ali gwa kuti, "Mowa ndinasiya kalekale, mankhwala sindiphonya." Ine ndinali pampando wa pambali, chikwama pamiyendo, ndikumva bodza lonselo.

Aphungu, chikwatiraneni munthuyu sanamalizepo mankhwala alionse. Mapiritsi ndimawapeza pochapa, atasungunukira m'matumba a jekete. Akanyamuka amatha milungu ali pamsewu, ndipo mowa sanasiye, anangosiya kumwera pakhomo. Nditawafunsa pobwerera kuchokera kuchipatala anati, "Ukufuna anding'ambe kawiri? Mtimawu ndi wanga."

Alamu anga andichenjeza kale kuti ndisalowerere. Ndikaulula n'kuikidwa yanyamayo, amuna angawo akadzatsikira kuli chete pa opaleshoni yachiwiri, alamuwo adzati ndawapha ndine. Ndikakhala chete, ndikudziwa bwino zimene mapiritsiwo adzaone. Mtima wanga ukuwawa. Nditani?

E. K., mkazi wa dalaivala

Mayi E. K.,

Pepani, mwapanikizika kwambiri. Koma ndisapite m'mbali: kusankha valavu si kwanu, si kwanganso. N'kwa amuna anu ndi dokotala. Vuto ndi lakuti dokotalayo akulangiza munthu amene kulibe, dalaivala wosalawa mowa, wosaiwala piritsi.

Njira yopanda choopsa palibe pamenepa. Yachitsulo ikasowa mankhwala, magazi amaundana, ndipo akakatseka mtsempha wa ku ubongo munthu amafa ziwalo. Mankhwalawo akakumana ndi mowa wambiri, magazi angathe kutuluka osaleka. Yanyamayo nayo imatha msanga mwa munthu wa msinkhu wawo kusiyana ndi mwa okalamba.

Musawayendere kuseri. Apezeni ali bwinobwino, muwauze kuti akanene okha zoona, apo ayi mukanena ndinu iwo ali pomwepo. Kuuma mutu kumeneko ndi mantha a mpeni, choncho lankhulani mofatsa. Kenako bwererani limodzi kuchipatala tsiku la opaleshoni lisanafike. Mukafunse ngati valavu yawoyo ingakonzedwe osaichotsa, kumene angamayezetse magazi ali pa ulendo, ndiponso ngati maulendo ataliataliwo angapitirire n'komwe. Akasankhabe chitsulo dokotala atadziwa zonse, ndi ufulu wawo.

Za alamu anu zisiyeni. Zinthu zikadzavuta, wowasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi mudzakhala inu.

Ndikuchenjezeni: adzakwiya, mwina mpaka kukana chakudya chanu masiku angapo. Asiyeni akwiye, musabweze mawu anu. Mukawateteza ku manyazi lero, tsiku lina mungadzalakelake atangotsegula pakamwa n'kukukalipirani, koma lilime litakana.