Ejenti Amene Munanditumizira

Ginnery Corner,
Blantyre.
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali a Salome,

Ndikhulupirira kuti nonse ku Nsanjeko muli bwino, ndipo mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine m'thupi ndili bwino. Koma pali nkhani imene yandikanika kuinena pa foni, ndiye ndati ndilembe.

Mukudziwa kuti tsabola wanga wa kambuzi uja ndimaphika ndi kuthira m'mabotolo ndekha, moti nthawi yoyenda m'magolosale imandisowa. Chaka chatha ndinamata chipepala pachitseko kuti ndikufuna maejenti, anthu ogulitsa paokha n'kumalandira komishoni. Anabwera asanu ndi awiri, koma wokhalitsa anali mmodzi, Ramla, mayi wa ana atatu wa ku Limbe. Ankakwera minibasi ndi makatoni awiri, kwinako n'kumayenda wapansi mpaka ku Kanjedza. Anandipezera mashopu oposa makumi awiri, ndipo ankadziwa tsiku limene shopu iliyonse imaoda.

Kenako munanditumizira Wilkins, mng'ono wawo wa alamu. Munati ndi munthu wa kwaya, woopa Mulungu. Ndinam'patsa m'tauni ndi ku Sunnyside, ndipo miyezi iwiri yoyamba anagulitsadi.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Alamu, Ramla akunyamulanso tsabola wa munthu wina. Wanuyu akumuika pansi pa katoni."

Sindinafufuze, achemwali, ndipo apa ndi pamene pakundiwawa. Ndinam'khulupirira poti ndi wa kwathu komanso wa mpingo wathu, pomwe Ramla ndi Msilamu amene ndinangomudziwira pachitseko. Ramlayo ndinamuitana n'kumuuza kuti asabwerenso. Sanakangane nane. Anangofunsa kuti, "Mayi, mwafunsako ngakhale shopu imodzi?" Ndinati palibe chofunsira. Anandisiyira kope la mayina a mashopu ake n'kumapita. Kopelo ndinam'patsa Wilkins ndi manja angawa.

Maoda anayamba kuchepa, iye n'kumati zinthu zavuta m'tauni. Mwezi watha ndinapita ndekha ku Limbe kwa a Mohamedi, eni golosale amene ankatenga makatoni atatu pamwezi. Pashelefu panali botolo longa langa, chivindikiro chofiira chomwecho, koma dzina lina. Iwo anadabwa kundiona.

"Kodi simunatseke inu? Wilkins anati munasiya, tsabola wanu uja tsopano akupangidwa ku fakitale ina ku Makata."

Ndinayenda mashopu ena asanu, mawu ake omwewo. Wilkins nditamuimbira foni anandiyankha akuseka. "Alamu, ine si wantchito wanu. Ejenti amagulitsa za amene akum'patsa bwino. Tinasainirana pati?" N'zoona, sitinalemberane kalikonse, poti ndinkati ndi m'bale.

Ramla ndinakam'peza pa depoti ya Limbe atanyamula makatoni a sopo. Ndinapepesa anthu akuona. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndamva, mayi. Koma mashopu aja ndinawapeza ndi miyendo yanga chaka chathunthu. Sindingayambirenso." Anakweza makatoni ake m'minibasi, osacheuka.

Panopa ndimaphika kawiri pamlungu. Masiku enawo ndimazungulira ndi katoni, kuuza anthu kuti sindinatseke. Mashopu anayi okha ndi amene abwerera.

Amayi musawauze zimenezi, mtima wawo mukuudziwa. Mtsikana wina uja mumati munditumizire, musiyeni komweko. Sindikukuimbani mlandu, achemwali. Inu munangotumiza munthu, wochotsa Ramla ndine.

Mupereke moni kwa amayi ndi kwa ana onse. Alamu muwalonjerenso, ndipo akafunsa chifukwa chimene sindibwerera ku ukwati wa Wilkins mwezi wamawa, muwawerengere kalatayi. Inu ndikudziwa mudzapita, mudzavina, mudzafupa, poti ndi banja lanu. Sindidzakwiya nanu. Zithunzi zokha musadzanditumizire.

Ndine mng'ono wanu,
Magdalene