Mtsamiro Woyamba

Lolemba, 3 mwezi wa Sahmi

Aluya atentha midzi ya kuchigwa, utsi ukuonekera pano. Ambuye athu, Kalonga Zarmayr, aitana mafumu kuti akatseke mpata wa m'phiri adani asanakwere. Ambuyewo ali ndi asilikali a pa akavalo mazana atatu basi. Mfumu Gurgen ali nawo mazana asanu ndi limodzi, ndipo popanda amenewo palibe chathu.

Ndayala mitsamiro yokhalira m'nyumba ya madyerero monga ndachitira zaka makumi atatu, mfumu iliyonse pa malo a makolo ake. Gurgen wakana kukhala. Akuti sangakhale pa mtsamiro wachinayi pamene Mfumu Khoren ali pa wachitatu. "Agogo ake a uyu ankaweta nkhosa zakwathu!" Chimunthu chachikulu, chimimba ngati mtsuko wa vinyo, kulirira thumba la nthenga dziko likupsa.

Lachiwiri, 4 Sahmi

Mkangano womwewo tsiku lonse. Adya nkhosa ziwiri, za nkhondo sanazitchule. Anthu opanda pake.

Lachitatu, 5 Sahmi

Ambuye andiitanira pambali. "Mdala Tatul, tengani mtsamiro wanga, woyambawo, mumuyalire Gurgen."

"Ambuye, pamenepo pankakhala bambo anu. Nanga inu mukhala pati?"

"Pansi malo ndi ambiri. Ine ndikufuna akavalo, osati nthenga."

Ndauyala mokwiya. Gurgen wadzigwetsa pamenepo, mafuta a nyama akuchucha m'ndevu, walumbira atagwira mtanda kuti mawa adzakhala patsogolo penipeni. Ambuye akhala pa mwala wozizira ngati wopemphapempha. Ndisaname, ndawanyoza mumtima. Kalonga wanji wogonjera chitsiru?

Lachinayi, 6 Sahmi

Kwacha, Gurgen kulibe, asilikali ake kulibe. Ndi mtsamiro womwe kulibe! Wapita kukauonetsa kwa Aluya, ati adziwe kuti wamkulu wa dziko lino ndi iye, apangane naye mtendere. Galu wachabechabe.

Ambuye angoseka. Akwera kupita kumpata ndi anthu awo pamodzi ndi Khoren, yemwe uja wa agogo oweta nkhosa.

Loweruka, 8 Sahmi

Uthenga palibe. Mitsamiro ndaikuntha kawiri, ndilibe china chochita.

Lolemba, 10 Sahmi

Aluya alephera kudutsa pampata, abwerera. Khoren wafika mkono uli womangidwa, wandipatsa nsalu ya pachishalo cha ambuye, youma gwa ndi magazi. Ndailandira ndi manja awiri.

Masana kwabwera mthenga wa Gurgen, nkhope yopanda manyazi n'komwe. Akuti mbuye wake akubwera kumaliro a ambuye ndi mtsamiro wake, ndimukonzere malo oyamba.

Ndapinda nsalu ija kanayi, ndaiyala pamalopo iye akuona.

"Ukamuuze kuti pali munthu kale."