Phukusi Lanu Ndalandira

Kabwata, Lusaka

Amayi anga,

Kaya mukupeza bwanji kumene mudapitako? Ine kuno ndikudzuka ndithu. Mvula idayamba sabata yatha, fumbi la m'tauni muno lagona, koma denga likudontha pakona pamene ndimayala mphasa.

Miyezi isanu yatha chichokereni inu, ndipo sindidaponde pamanda panu. Lamya ya achimwene Yohane idandipeza mimba ili pakamwa. Anesi a kuchipatala adati ndikakwera basi ya ku Fort Jameson ndikaberekera pa Luangwa. Ndidalira maliro anu ndekha m'chipinda muno, anthu akudutsa panja ndi njinga zawo kupita kuntchito ngati palibe chachitika.

Ndidachira mu Sepitembala. Mdzukulu wanu ndi wamkazi, ndidamutcha Mwatisiya. Ali ndi mphumi yotakata ngati yanu, ndipo akamayamwa amagwira khutu lake. Amene adandiperekeza kuchipatala ndi amayi Asiyatu, akazi a telala wa nyumba yoyandikana nafe, Asilamu a ku Kota Kota. Ndiwonso adamusambitsa masiku oyamba. Sitipemphera pamodzi, koma ndikamva akuyankhula mawu a kwathu kuseri kwa khoma, mtima umakhalako pansi.

Achimwene adalemba kuti chimanga cha m'munda mwanu chidadzadza nkhokwe, ndipo mbuzi yanu yamawanga idaswa ana awiri. Akuti nyumba yanu sadagwetse. Adangotseka chitseko ndi kuimikapo mtengo.

Tsono pali nkhani imene ndidakubisirani mudakali moyo. Amuna anga a Layisoni sakhala pano. Adayamba n'kugona kunja Loweruka lokha, kenaka masiku atatu, kenaka adabwera masana ine ndili kumpopi, n'kutenga jekete, lumo ndi mapepala onse a m'sutikesi. Ali ku Matero ndi mkazi wina wa ku Broken Hill. Ndinkati ndikuuzani akabwerera, ikhale nkhani yakale yoseka. Inu munkati, "Banja ndi mtolo wa nkhuni, ukalemera umatula n'kumanganso." Ndidatula, amayi, koma womanga naye palibe.

Mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, kudabwera bambo wina wogwira ntchito ndi a Layisoni kumalo osungira matabwa, kumafakitale kuja. Paja makalata athu amafikira kubokosi la kampani. Adandipatsa kapepala kofiira kochokera kupositi, nati n'kachiwiri, koyamba a Layisoni adakaiwala m'thumba n'kuchapidwa. Padalembedwa kuti pali phukusi lolembetsa, lofunika kusainira, lochokera ku Dedza. Nditayang'ana tsiku la chidindo ndidakhala pansi pakhonde. Mudalitumiza sabata ziwiri musanamwalire.

M'mawa mwake ndidabereka mwana, n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Inu positi mumaidziwa ya paboma kwathu, pamene kalaliki amafunsa za kumudzi asanakupatseni kalata. Ya kuno njosiyana. Khomo lakutsogolo, lokhala ndi masitepe ndi mthunzi, nla azungu. Ife timazungulira kumbali, kumene kuli timazenera titatu totchinga ndi waya, ndipo mzere umakhota mpaka kumsewu. Ndidapeza anthu adafika kale: amtengatenga a m'maofesi ovala makhaki, makuku ophikira azungu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga otumidwa ndi madona awo, amuna otumiza makalata kwawo. Akazi tidalipo atatu okha. Mpando palibe, mtengo woti n'kubisalapo palibe. Ndidayamwitsa mwana chiimirire, nditamufunditsa chitenje.

Kutatsala anthu awiri kutsogolo kwanga, kalaliki adayang'ana wotchi n'kutsitsa thabwa la pazenera. Bambo wina adagogoda. Mkati mudamveka mawu akuti, "Tavala. Mubwele mailo." Kuno kutseka amati kuvala, ndipo mawa amati mailo. Dzulonso amati mailo yemweyo.

Tsiku lachiwiri ndidafika pazenera dzuwa lisanakwere kwambiri. Kalalikiyo adatenga kapepala, n'kukatembenuza, n'kukabweza pansi pa waya osandiyang'ana. Adati limenelo ndi zenera la masitampa, la maphukusi ndi lakumapeto. Palibe paliponse pamene padalembedwa zimenezo. Ndidakayambanso kumbuyo kwa mzere wina. Wa zenera limenelo ndi yemweyo amene amatumikira kukauntala ya mkati, ndiye belu likalira uko amatisiya. Ndidamuona pawaya akuthandiza dona wina kumanga chingwe pabokosi la chipewa, akumwetulira. Pobwerera nkhope idali itasintha, nthawi yatha.

Panjira ndidakumbukira inu muli padwale, mukundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidakuyankhani mumtima kuti nkhono sidaimepo pamzere wa kupositi ndi khanda kumsana.

Ndidapumula masiku awiri chifukwa Mwatisiya adatuluka timatuza ta thukuta m'khosi monse. Nditabwererako ndidafika pazenera loyenera, nthawi yoyenera. Kalaliki adali mnyamata wa msinkhu wanga, wa tayi wobiriwira. Adalowa mkati n'kutuluka nalo. Amayi, ndidalizindikira lisanafike pafupi. Mudalisokera m'kathumba ka ufa wa tirigu kamene munkasungiramo nyemba za mbewu, ndi ulusi wakuda, misoko yanu italiitali yopendekera kumanzere. Adaliika pathabwa, mbali yake ya waya. Ndikadalowetsa chala ndikadalikhudza.

"Situpa," adatero.

Ndidati akazi tilibe chitupa.

"Muchato?"

Ndidati pepala la mtchatho, la ukwati wathu lija, lili ndi amuna anga. Adawerenga paphukusi: Elube Nachisale, kudzera kwa Layisoni Mbewe. Ndidati Elube ndine, Nachisale ndine, amene adasoka apo ndi mayi anga, ndipo ndingathe kumuuza ngakhale mtundu wa nsalu imene ili mkati. Adapukusa mutu.

"Amai, aliyense angakambe so. Mubwele na bamuna banu na situpa yao. Mwezi ukasila, izabwelela kwamene inachoka."

Ndidati amene adatumizayo adamwalira. Apo adandiyang'ana koyamba. Sadali munthu woipa, ndikuganiza. Adayang'ana kumbuyo, kumene mzungu wamkulu wa maphukusi adakhala patebulo, n'kunena motsitsa mawu kuti iye sangachite kanthu, buku limafuna nambala ya chitupa. Wa kumbuyo kwanga adali atayamba kale kundikankha ndi chigongono. Ndidaona phukusi lanu likubwezedwa pa alumali, pakati pa makatoni a anthu ena.

Sindidalire pamenepo. Ndidalirira pa njanji, podumpha kubwerera ku Kabwata.

Amayi Asiyatu adati amuna awo atha kundiperekeza ndi chitupa chawo. Adasiya makina tsiku lathunthu, bambo wachikulire ndi kofiya yake, n'kuima nane padzuwa. Kalaliki adati dzina silikugwirizana. Ndidayesa kwa akulu a mpingo kuti andilembere kalata yonditsimikizira. Adalemba, koma asanalembe adafuna kudziwa chifukwa chimene amuna anga sakupitira okha, ndipo Lamulungu lotsatira azimayi a chigwirizano adandipatsa moni wachisoni wosiyana ndi wa masiku onse. Kalatayo nditaipereka pazenera adati ilibe chidindo cha boma.

Kudatsala masiku asanu ndi limodzi kuti phukusi libwezedwe ku Dedza. Ine ndidalumbira kuti a Layisoni sindidzawatsata, adzabwera okha kapena osabwera. Lumbirolo ndidalimeza. Ndidachapa diresi yanga ya maluwa, n'kuyenda mpaka kumafakitale, n'kukhala pachipata pamodzi ndi azimayi ogulitsa chimanga chootcha, kudikira belu la masana. Atatuluka, utuchi uli m'tsitsi, adandiona n'kuima. Anzawo adatidutsa akuyang'ana kumbali. Mwana adali atamuonapo kamodzi kokha, kuchipatala. Ndidawapatsa moni mwaulemu monga mudandiphunzitsira, n'kunena za phukusi zokha. Za ku Matero sindidatchule. Adati abwera Loweruka.

Loweruka ndidagwira malo pamzere kuyambira m'mawa. Nditafika pazenera asanabwere, ndidalola wa kumbuyo kwanga adutse, kenaka wina, kenaka winanso, maso ali kumsewu. Loweruka amatseka masana. Adatulukira thabwa litatsika kale, nati tcheni cha njinga chidaduka.

Lachiwiri adabwera nthawi yabwino. Amayi, zimene zidandidyera sabata zitatu zidatha nthawi yosakwana kumwa kapu ya madzi. Kalaliki wa tayi wobiriwira uja adawatcha "ba Mbewe", adalemba nambala, adawapatsa cholembera. Ine sadandifunse kanthu, ngakhale dzina lolembedwa pamenepo ndi langa. A Layisoni adalandira phukusi pazenera n'kundipatsa.

"Muli chiyani?" adafunsa.

Ndidati sindikudziwa, ndi za amayi.

Adagwira phazi la mwana ndi chala chimodzi, kanthawi ndithu. Kenaka adati paja nyumba ya ku Kabwata idalembedwa m'dzina lawo, ndipo a kuofesi ya komboni akadziwa kuti sagonamo atha kuipereka kwa banja lina, ndiye ndiziganizirapo. Adakwera njinga. Ndidawayang'ana mpaka adakhota pa sitolo ya Mmwenye.

Phukusi ndidalinyamula pachifuwa, osati pamutu. Nditafika kunyumba ndidagoneka mwana n'kutseka chitseko, ngakhale kudali masana. Sindidafune kudula ndi mpeni. Ndidasomola msoko umodziumodzi ndi singano, ndipo ulusiwo ndaukulunga pakamtengo ka machesi.

Chikwatu cha mfutso wa nkhwani chidali chitafumbutuka, chasanduka ufa, koma fungo lake lidadzaza chipinda. Mtedza anankafumbwe adaudya. Ndidasankha ndi manja, ndidapeza wabwino wokwana chikhatho chimodzi, ndipo ndaubzala kuseri kwa nyumba pamene mvula yagwamu. Mkuzi wa mikanda yoyera ndamuveka Mwatisiya, ukumukwana. Mpango wanu wabuluu wa kutchalitchi sindidauchape, ndipo sindiuchapa.

Pansi penipeni padali kalata, dzanja la achimwene koma mawu anu. Mudandiuza za chifuwa chimene chinkakuvutani, mudati n'chisanu chabe. Mudandilangiza kuti ndisamadye mazira kufikira nditachira. Kumapeto mudati:

"Elube, makalata ako afupika chaka chino. Kale unkandiuza ngakhale za nkhuku za aneba, tsopano umangoti tili bwino. Mwana amene ndidabereka ine akafupikitsa mawu ndiye kuti pali chimene chamukhala pakhosi. Sindikufunsa. Koma munda wa kutsidya kwa dambo ndi wako, sindidapatse munthu. Ukafuna kubwera usadikire kuti upeze chonena kwa anthu. Ungobwera, chonenacho ndidzanena ndine."

Ndidawerenga kawiri, kenaka mwana adadzuka. Ndidamuyamwitsa kalata ili pamwendo. Miyezi yonse ija ndinkasankha mawu kuti musadziwe, inu n'kuti mukudziwa, mukusoka kathumba aka ndi chifuwa chanucho. Ikadandipeza mu Ogasiti, pamene idafika kupositi, sikadasintha kanthu, mudali mutapita kale. Komabe ndikaganiza kuti mawu amenewa adakhala pa alumali miyezi itatu, ine ndikugona ndekha mtunda woyenda wapansi kuchokera pamenepo, mtima umandiwawa ndi anthu a pazenera paja kuposa mmene uyenera kuwawira.

Tsopano chonena kwa anthu ndidzanena ndekha. Ndawalembera achimwene zonse, osafupikitsa. Kalatayo ndidakaponya dzulo. Ndidaima pamzere wa masitampa mpaka dzuwa lidafika pamutu, koma limenelo ndi zenera losafuna chitupa cha mwamuna.

A kuofesi ya komboni sadabwere. Ndikamva njinga yaima pakhomo ndimadzidzimuka, ndimati ndi iwo. Masana ndimathandiza amayi Asiyatu kusokerera mabatani pa malaya amene amuna awo amagulitsa kumsika, ndipo tikudya. Iwo akuti ndisapite, mwana akulire m'tauni aphunzire sukulu. Ndawauza kuti masukulu ku Dedza aliko.

Ndidikira mvula ithe, msewu wa ku Luangwa uume, mwana alimbe khosi. Ndikadzatsika basi sindidzayamba kulowa m'nyumba ya munthu. Ndidzapempha achimwene anditengere kumene mudagona, ndidzamasule mwanayu kumsana kuti mumuone. Ndikatero ndidzachotsa mtengo uli pachitseko chanu, ndisese, ndizire pansi, ndikhalemo. Ndalonjeza, ndipo mukundidziwa kuti ndimachedwa koma ndimafika.

Muwapatse moni abambo ngati mwaonana nawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Elube