Kandege ka Zuze

Mwana wanga Rozina,

Landira moni wochokera kuno ku Lichinga. Kaya muli bwanji ku Blantyre ndi mkamwini wanga? Ife tilipo, koma amayi ako chifuwa chija sichikuwaleka.

Za mlongo wako Zuze unamva kale, kuti anafera kunkhondo ndipo mtembo sitinauone. Tsono abale anati Loweruka tiike thunthu la nthochi m'manda, monga mwa mwambo, pamodzi ndi katundu wake. M'bokosi lake ndinapezamo kandege kamtengo kaja ankasema asanamutenge asilikali, kali ndi phiko limodzi.

Ndinati ayi, mwana wanga sangapite ndi ndege yolumala. Ndinasema phiko linalo, mapulopela ndinadula kuchitini cha nsomba, n'kukapaka tinta yobiriwira. Kanawala, iwe, ngati chikho cha apadiri pa Misa!

Amayi ako atakaona anapukusa mutu. Akuti, "Bambo a Zuze, mwalakwitsa. Mwiniwake ankati ndege yowala ndi yabodza. Zija zimatera kubwalo la ndegeko ndi zafumbi, zamwaye." Tinakhala pakhonde awiriwiri, ine kupaka dothi lofiira kumimba kwa kandegeko, iwo mwaye wa nyali kuseri kwa injini, mpaka kanafanana ndi ndege ija inamunyamula kupita kunkhondo.

Basi, amayi ako anakafungatira, osalolanso kukasiya. Nthochi tinaika yokha. Abale akudandaula, akuti mzimu wake udzabwera kudzafuna chake. Ine ndawauza kuti abwere, ndi zimene tikufunazo.

Utitumizireko mankhwala a chifuwa ndi chithunzi chake chija uli nacho, nkhope yake yayamba kundithawa. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Tomasi