A Belu Agona mu Saluni Yanga

9 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima ndiye ukuwira. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoseka, komanso amayi amakhala atatchera khutu uku akunamizira kusesa.

Nkhani ndi ya chipinda chija munandimangira kutsogolo kwa nyumba kuti nditsegule saluni yangayanga. Zonse zinali m'malo: sinki yotsukira tsitsi, mpando wozungulira, ndi galasi lalikulu lija linatulutsa thukuta akalipentala polikhoma. Chikwangwani chinalembedwa, penti n'kuuma. Abwana anga ndinawatsanzika, ndipo ndinawatsanzika mokweza mapewa. Makasitomala onse ndinawauza kuti mwezi ukatha akandipeze kwathu.

Ndiye pobwera ku ntchito Lachisanu lina, ndinapeza mpando wanga uli pakhonde, mu saluni muli bedi, pabedi pali munthu. Mukuwakumbukira mayi aja ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, amene tinkawatcha a Belu chifukwa mawu awo ankamveka mpaka kumsewu? Anadwala sitiroko. Mbali yakumanja inafa, pakamwa panapindika, mawu satulukanso. Atatulutsidwa m'chipatala abale awo anayamba kukankhirana, amayi athu n'kungowakweza takisi, molunjika kunyumba.

Ndinawakokera amayi kukhitchini. "Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Ndi mlendo," anatero. "Wamupatsa moni?"

"Bwanji osawagoneka kuchipinda kwanga? Ine ndigona pabalaza."

"Kwako kuli masitepe, ndipo khomo lake n'lopanikiza. Kujaku kuli sinki, madzi ali pafupi. Ambuye ankadziwa chimene ankachita pamene mchimwene wako ankamanga."

Mwamva, achimwene? Simenti yanu, malata anu, kudzimana kwanu konse kuja, akuti Mulungu ankakonzera a Belu!

Ndinawauza amayi kuti pemphero silitsegula bizinesi, ndipo mpingo ndi waukulu, si ife tokha tinabatizidwa. Anandiyang'ana muja amachitira, maso pamwamba pa magalasi, n'kunena kuti, "Mwana wanga, tsiku lomaliza sakandifunsa kuti saluni inatsegulidwa liti. Akandifunsa kuti munthu atasowa pogona, ine chipinda ndinali nacho kapena ayi. Koma chipindacho n'cha achimwene ako. Akanena kuti atuluke, atuluka."

Ndiye mlanduwu uli m'manja mwanu. Mawu anu amodzi pafoni, saluni yanga ibwerera.

Mudziwenso kuti amayi akudzipha. Mukudziwa msana wawo, koma a Belu amawanyamula okha, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, n'kumawaimbira nyimbo ndi mawu awo osasa aja. Madzulo alionse kumabwera amayi a mpingo kudzapemphera, ndipo amakhala pa benchi yanga ya makasitomala. Wina anapachika ambulera yake pa shelefu ya mafuta. Ndinaluma mlomo.

Ine ndinalumbira kuti m'menemo sindilowamo. Ndinangolowa tsiku limodzi kukatenga zipeso zanga, musaganize zina. Ndinapeza galasi langa litakutidwa ndi bedishiti. Amayi akuti a Belu atadziona tsiku loyamba analira mpaka kukana chakudya, ndiye analiphimba. Potuluka, maso anga anagwera pamutu pawo. Achimwene, tsitsi lija linali litagwirana ngati chisa, kunkhongo litapotana chifukwa chogonera. Amayi amadziwa kupemphera, koma chipeso sachidziwa, inu ndinu mboni. Ine mutu wotero sindingaudutse, ngakhale ukhale wa mdani wanga.

Ndinalowetsa mpando wanga, tinawakhazika. Ndinanyowetsa, ndinapaka mafuta, n'kumamasula pang'onopang'ono kuyambira kunsonga. Ndinawaluka mizere yopita kumbuyo, yosakoka, kuti azigona bwino. Nditamaliza, manja anga anachita zimene anazolowera: ndinazunguliza mpando kuloza pagalasi, n'kukoka bedishiti ija. Ndinakumbukira nsalu ili kale pansi.

Amayi anagwira pakamwa. A Belu anadziyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anakweza dzanja lamoyo lija, n'kusisita mizere umodziumodzi. Ndipo munthu amene sangathe kupempha madzi anatsegula pakamwa popindikapo n'kuyambitsa nyimbo, ija amaimba anthu akamapita kumgonero. Mawu ake sankamveka onse, koma inali yomweyo, ndipo amayi anailandira. Ine ndinatuluka. Mafuta aja amayabwa m'maso, mudziwe.

Kuyambira tsikulo bedishiti sinabwererenso pagalasi. Ndikamadutsa a Belu amandikodola, n'kuloza kumutu. Ndiye ndapeza kasitomala woyamba wa saluni yanga: salipira, sachoka, ndipo amakwinya nkhope mzere ukakhota. Amayi amangoyenda m'nyumba akumwetulira. Kumwetulirako n'kumene kumandipsetsa mtima koposa.

Dzulo ndinabwerera kwa abwana anga kukapempha malo anga. Anandisiya chiimire anzanga onse akumvetsera, n'kufunsa kuti, "Kodi saluni yapamwamba ija yatsekedwa isanatsegulidwe?" Andipatsa mpando wa kukhomo, pomwe pamawomba fumbi.

Ndinayamba kalatayi kuti muwakalipire amayi, ndipo kukalipira kuwayenera ndithu. Koma mukaimba Lamlungu, za chipinda musazitchule. Makina oumitsira tsitsi munalonjeza aja aimitseni kaye. Ngati n'kotheka tumizani njinga ya odwala, yopinda, yoti ilowe mu takisi, tiziwatengera a Belu kutchalitchi. Kwaya ikuyamba nyimbo mokwera kwambiri chichokereni a Belu, anthu akuvutika.

Musandiyamikire, chonde, ndikadali wokwiya. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti akukupemphererani, ndiye samalani ndi chilichonse muli nacho. A Belu nawo ndawauza kuti ndikulembera mwini chipinda. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya, maso ali pa ine, kudikira. Ndawauza kuti mwayankha kale, mwati akhale. Musandichititse manyazi.

Ndine mlongo wanu,
Woluka tsitsi wa pampando wa kukhomo