Chibangili cha Alamu

Wusakile, Kitwe
18 Okutobala 1948

Okondedwa alongo anga a Eneles,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amphamvu pamodzi ndi amayi ndi ana. Kuno tili bwino, koma kwatentha moti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Kalata yanu ndinalandira. Mwanena kuti diso lamanzere la mng'ono wathu Ignatius lafa ndithu, ndipo amangokhala kuseri kwa nkhokwe osayankhula ndi munthu. Mwafunsanso chifukwa chake amuna anu a Samson sakulemberani. Khalani pansi, muyambe mwawerenga nokha.

Mukudziwa zimene tinauzidwa: kuti Ignatius anapita kuntchito ataledzera, nagwetsera sipanala pa batire ya thirakitala, batire nkuphulika, madzi ake nkumuwotcha kumaso. Amene anauza mzungu mwini famu zimenezi ndi alamu anga a Samson omwewo, poti ndiwo kapitawo wa pafamupo. Mwana anapirikitsidwa kumaso kuli nsanza. Ine sindinakhulupirire. Ignatius amene amakana ngakhale thobwa likagonera, aledzere 7 koloko m'mawa?

Thirakitalayo inakhala yakufa miyezi iwiri. Mzunguyo, amene antchito amamutcha Chipewa, anakagula batire ina ku Ndola, koma sinathandize. Mvula ili pafupi, minda ya kabichi ndi mbatata yosalima, munthu anayamba kutukwana ndi mitengo yomwe. Ndiye ndinapempha tchuthi cha sabata kumgodi, kumene ndakhala ndikuthandiza amisiri a magetsi zaka seveni, ndinakwera njinga mpaka kufamu, kutsidya kwa Kafue. Alamu anandilandira bwino. Anandiphera nkhuku.

Lolemba ndinayamba ndi waya wamkulu wochoka ku batire. Unali wopsa, labala wake atasungunuka ngati phula. Nditasintha, sitata inatembenuka, koma injini inangokhosomola osadzuka. Lachiwiri ndinatenga kababu kanga ka mawaya awiri, kamene kamayaka pamene pali moto, ndinayamba kulondola waya uliwonse monga mlenje alondola mapazi a nguluwe. Moto unkafika pa kawotchi koonetsa mphamvu ya batire, nkuthera pomwepo. Kanali katapsa m'kati. Ndinakalambalala ndi waya wina.

Lachitatu ndinamasula chitsulo chimene chimagwira batire kuti ndichipale dzimbiri. Kumunsi kwake kunali kachidutswa ka mkuwa, kosungunuka mbali imodzi, katamatirira zolimba. Sipanala ndi yachitsulo, alongo, si yamkuwa. Nditakagomola ndi tchizulo ndinaona timizere titatu ndi kadontho pakati. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndi chibangili chija anasula malemu atate, chimene munawaveka amuna anu tsiku limene ankakwera lole ku Fort Jameson. Apo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chake alamu amavala jekete ya manja aatali m'mwezi uno wa Okutobala.

Ndikuululireni zoona. Ndikanatha kuwaitanira kumbali tsiku lomwelo, tikambirane monga pachibale. Sindinafune. Ndinadya nawo mbale imodzi Lachinayi ndi Lachisanu, ndikuwaseketsa, kachidutswa kali m'thumba. Thirakitala inali itachira kale, koma ndinkaibisira waya umodzi. Ndinkadikira Loweruka masana, pamene antchito onse amasonkhana ndi akazi awo kudzalandira phoso, chakudya chawo cha pasabata.

Atasonkhana, ndinauza Chipewa kuti ndatsala pang'ono, koma ndikufuna munthu wa dzanja lodziwa kuti apise kuseri kwa batire.

"Alamu, tabwerani mundigwirire apa," ndinatero. "Koma pindani jeketeyo, ingakodwe."

"Aitaneni ena, ine ndikugawa ufa," iwo anayankha.

"Samson, fulumira!" anakuwa mzungu.

Anapinda pang'onopang'ono. Chipsera chinali chitazungulira mkono wonse, chofiirira, chonyezimira. Ndinatulutsa kachidutswa kaja ndi kukaika pachipserapo, ndipo kanakwana ngati chivundikiro pa mphika wake. Mayi wina wachibemba anafuula kuti, "Yangu, tata!"

Ndinafotokoza mokweza, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, kuti wina asadzanene kuti sanamve. Tsiku la ngozi lija Ignatius anali atatsegula zitsekerero, atawerama kuthira madzi m'batire. Mkono wa chibangili unakhudza mutu wa batire ndi chitsulo nthawi imodzi, moto nkuthetheka, mpweya wa m'batire nkuyaka.

Alamu anagwada. "Ndimangotenga fodya wanga, ndinkamubisa kumeneko. Ndinaopa ntchito, a Fidelis. Ndinaganizira ana."

"Ignatius alibe ana?" ndinafunsa. "Leah mkazi wake si woyembekezera?"

Ndinalumikiza waya uja, ndinakankha sitata, thirakitala nkubangula. Chipewa anawaponyera chitupa chawo m'fumbi, nawauza kuti dzuwa lisawalowere pafamupo. Ndinawayang'ana akutola, ndipo mtima wanga unazizira bwino, ngati munthu wamwa madzi a mumtsuko. Bambo mfumu ndidzawauza zimenezi mtsogolo, osati tsopano, chifukwa angandifunse ngati ndalapa.

Sindinalekere pamenepo. Lamulungu ndinapita ku Ndola, ndinakaima pakhomo la tchalitchi misa itatha, ndi kuuza anthu onse akwathu. Palibe amene adzawapezere ntchito kapena pogona kuno kumigodi.

Loweruka lija mzungu nayenso ndinamufunsa ngati Ignatius angabwerere, poti zaoneka kuti analibe mlandu. Anaseka. Anati wa diso limodzi angamulimire mizere yokhota. Ndinangoti "Inde bwana," nkumanga zida zanga. Koma sindinamuuze kuti dayinamo, imene imabwezera moto m'batire, inapsa nayo tsiku la ngozi lija. Thirakitalayo iyenda masiku ochepa. Batire ikadzatha, idzamufera pakati pa munda mvula ili mkati, ndipo akadzatuma munthu ku Wusakile adzamva kuti Fidelis sakudziwika.

Ndamva kuti alamu adzakwera lole ya Lachisanu likubwerali, ndiye kuti afika kalatayi itafika kale. Sindikukuuzani kuti muwasiye. Ana ndi awo, ndipo ndikudziwa kuti ndakuswerani mtima pamodzi ndi iwo. Mukafuna kundida, ndideni, ndidzamva. Nsalu ya amayi ndi mankhwala a m'maso ndapatsira a Stanislaus akwathu, amene akubwera kumudziko kumapeto kwa mwezi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa ana anu, ndi kwa Leah. Ignatius mumuwerengere kalatayi yonse, osadumpha mzere, ndipo mumuuze kuti atuluke kuseri kwa nkhokweko, dzina lake layera. Pempho langa monga mwini mbumba ndi limodzi: alamu asanalowe m'nyumba mwanu, asanamwe ndi madzi omwe, akagwade pabwalo pamaso pa Ignatius. Agwadire mbali yakumanja, kuti mwanayo awaone bwino.

Ndine mlongo wanu wosakuiwalani,
Fidelis